Kodi Wofa Osabatizidwa Angapulumuke? Mbiri ya Yankho la Mpingo

Pa mafunso onse amene Mpingo wakhala ukusinkhasinkha chiyambire nthawi ya Atumwi, ndi owerengeka amene amakhudza mitima ya anthu wamba monga ili lakuti: kodi munthu angapulumuke popanda ubatizo? Malembo Oyera amalankhula mwamphamvu pa nkhaniyi. Pocheza ndi Nikodemo, Ambuye adaika kubadwanso mwa madzi ndi Mzimu ngati khomo lolowera mu ufumu wa Mulungu (Yohane 3:5), ndipo potuma ophunzira ao adalumikiza chipulumutso ndi chikhulupiriro pamodzi ndi ubatizo (Marko 16:16). Koma Malembo omwewo amatiuzanso kuti Mulungu afuna kuti anthu onse apulumuke (1 Timoteo 2:4), ndiponso kuti chigawenga chimene chidalapa pamtanda chidalonjezedwa Paradizo tsiku lomwelo (Luka 23:43).

Cholinga chathu m'nkhani ino nkulondola m'mene Mpingo udasungira mfundo ziwirizi pamodzi kwa zaka pafupifupi 2,000. Tiona kuti kawirikawiri chimene chinkakakamiza abusa a Mpingo kulingalira mozama chinali maliro: munthu wamwalira madzi a ubatizo asanamkhudze, ndipo abale ake akufunsa kumene wapita. Tikayamba taona lamulo lenilenilo, tiima pa manda anai: a wofera chikhulupiriro, a mkatekumeni, a makolo amene sadamve Mthenga Wabwino, ndi a khanda.

Lamulo la madzi

Buku lakale koposa limene tili nalo lokamba za ubatizo wokhawokha lidalembedwa mu Africa muno. Cha m'ma 200, Tertullian wa ku Carthage, mzinda umene mabwinja ake ali m'dziko la Tunisia, adalemba kabuku kotchedwa De Baptismo. Chidamuutsa nchakuti mai wina wa kagulu kopatuka ankaphunzitsa mumzindamo kuti ubatizo ngwosafunika, ndipo ambiri adamtsata. Anthu a maganizo otere ankapereka chitsanzo cha Abrahamu, amene adakondweretsa Mulungu ndi chikhulupiriro chokha osalowa m'madzi. Tertullian adayankha kuti zimenezo zinali zokwanira Ambuye asanafe ndi kuuka, koma popeza tsopano adalamula kuti mitundu yonse ibatizidwe, chikhulupiriro sichingakane chovala chimene mwini wake adachikonzera.

Mfundo imeneyi idazika mizu msanga. Cha m'ma 253, episkopi wina dzina lake Fidus adafunsa ngati nkoyenera kudikira tsiku lachisanu ndi chitatu asanabatize khanda, potsata mwambo wa mdulidwe wa Ayuda. Cyprian Woyera wa ku Carthage pamodzi ndi msonkhano wa maepiskopi 66 adayankha kuti ai, munthu aliyense wobadwa asamanidwe chifundo cha Mulungu, ndipo khanda lisachedwetsedwe.

Manda oyamba: wofera chikhulupiriro

Komabe Mpingo womwewo sunkabatiza akuluakulu mothamanga. Buku lakale la miyambo lotchedwa Traditio Apostolica limatchula zaka zitatu za maphunziro a ukatekumeni. Zaka zitatu nzambiri pa nthawi ya mazunzo, pakuti asilikali a boma la Aroma pogwira anthu sankafunsa ngati adabatizidwa kale. Perpetua ndi Felicity, amene adaphedwa ku Carthage m'chaka cha 203, adagwidwa ali akatekumeni, ndipo adachita mwai wobatizidwa asanaponyedwe ku zilombo. Ena mwai wotere sadaupeze. Nanga Mpingo ukadanena chiyani za munthu amene wakana kufukiza lubani kwa mafano, wavomera dzina la Khristu pamaso pa woweruza, nadulidwa mutu asanabatizidwe?

Yankho silidachedwe. Tertullian yemwe uja, ngakhale anali wouma pa lamulo la madzi, adaphunzitsa kuti pali kusamba kwachiwiri, kwa magazi, kumene kumalowa m'malo mwa madzi ngati munthu sadawalandire. Adakumbutsa kuti Ambuye eni ake adatchula imfa yao kuti ubatizo (Luka 12:50). M'chaka cha 256 Cyprian adalembera zomwezo episkopi Jubaianus, napereka chitsanzo cha chigawenga cholapa chija. M'kalata yomweyo ndimo mulinso mau ake otchuka okana chipulumutso kunja kwa Mpingo, mau amene ankaloza magulu a Akhristu opatuka a masiku akewo. Patapita zaka ziwiri, mu 258, iye yemwe adadulidwa mutu chifukwa cha Khristu.

Apa Mpingo udazindikira chinthu chimene chidatsogolera mbiri yonse yotsatira. Mphamvu ya ubatizo imachokera mu imfa ndi kuuka kwa Khristu, ndipo madzi ndi njira imene Iye adakhazikitsa yotilowetsera mu imfa imeneyo. Tsono amene walowamo ndi magazi ake walandira chipatso cha sakramenti, ngakhale sadalandire chizindikiro chake chooneka.

Manda achiwiri: mkatekumeni wofa imfa wamba

Mazunzo atatha, m'zaka za m'ma 300, padabuka chizolowezi chozengereza ubatizo. Anthu ambiri ankalembetsa ukatekumeni nkumadikira ukalamba, poopa kuti akadzachimwa atabatizidwa adzasenza kulapa kowawa. Mfumu Constantine idabatizidwa ili pafupi kufa m'chaka cha 337. Ambrose Woyera anali asanabatizidwe pamene anthu a ku Milan adamsankha kuti akhale episkopi wao mu 374. Tsono imfa ikadzidzimutsa munthu wotere, panalibe magazi oti Mpingo uloze.

Pa 15 May 392 mfumu ya Aroma ya chigawo cha kumadzulo, Valentinian II, mnyamata wa zaka pafupifupi 21, idapezeka itafa ku Vienne, m'dziko limene lero ndi France. Izi zisanachitike inali itatumiza mau kwa Ambrose kuti abwere adzaibatize, ndipo uthenga wa malirowo udampeza episkopiyo ali pa ulendo. Mtembo utafika ku Milan, Ambrose adalalika pamaso pa alongo ake a malemuyo, amene chisoni chao chachikulu chinali chakuti mlongo wao wapita wosabatizidwa. Adawakumbutsa kuti chimene chili m'manja mwa munthu nkufuna ndi kupempha basi, ndipo mnyamatayo adachita zonse ziwiri. Adanenetsa kuti monga magazi amasambitsa ofera chikhulupiriro, momwemonso kudzipereka ndi chikhumbo cha mfumuyo zidaisambitsa.

Si onse amene adaganiza motero. Gregory wa ku Nazianzus, polalika ku Constantinople mu 381, anali atakana kuti kufuna ubatizo nkofanana ndi kuulandira. Kwa iye, munthu amene waphonya ubatizo popanda kulakwa kwake sadzalangidwa, komanso sadzalandira ulemerero. Augustine Woyera, amene adabatizidwa ndi Ambrose mu 387, adalemba cha m'ma 400 kuti chikhulupiriro ndi kutembenuka mtima zingakwaniritse chosowacho ngati nthawi yachepa, malinga munthuyo sadanyoze sakramenti. Koma atakalamba, pounikanso mabuku ake, adakayika ngati chigawenga chija chinali chitsanzo choyenera kutsamirapo.

Patapita zaka 700, Hugh wa ku Saint Victor, mphunzitsi wa ku Paris, adafunsa Bernard Woyera wa ku Clairvaux za nkhani yomweyi. Bernard adayankha kuti iye watsamira pa nsanamira ziwiri, Ambrose ndi Augustine. Adaonetsanso kuti pa Marko 16:16, potchula amene adzalangidwe, Ambuye adanena za wosakhulupirira yekha, osabwerezanso za ubatizo. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalongosola chifukwa chake: mphamvu ya Mulungu yoyeretsa mtima siingatsekeredwe m'masakramenti ooneka ndi maso.

Msonkhano waukulu wa ku Trent udakumana Akhristu a ku Ulaya atagawikana kale pa nkhaniyi. Otsata Martin Luther adasunga chiphunzitso chakuti ubatizo ngwofunika pa chipulumutso, monga chilili m'chivomerezo chao cha ku Augsburg cha 1530. Ulrich Zwingli wa ku Zurich ankauona ngati chizindikiro cha pangano, ndipo John Calvin ankati ana a okhulupirira ali kale m'pangano la Mulungu, choncho nkosafunika kuti azamba aziwabatiza mothamanga. Mu 1547 Msonkhanowo udatsutsa aliyense wonena kuti ubatizo nchinthu chongosankha. Koma m'chikalata chake chokamba za kulungamitsidwa, pofotokoza m'mene munthu amachokera mu uchimo wa Adamu kulowa m'chaulere, udatchula chikhumbo cha ubatizo pambali pa madzi enieniwo. Potero zimene Ambrose adanena pamaliro zidalowa m'chiphunzitso cha Mpingo wonse.

Manda achitatu: makolo amene sadamve

Mkatekumeni amadziwa chimene akufuna. Nanga munthu amene sadamvepo dzina la Khristu angafune bwanji ubatizo? Kwa zaka mazana ambiri funsoli silinkawasowetsa tulo akatswiri a ku Ulaya, chifukwa ankayesa kuti Mthenga Wabwino wamveka kale ponseponse, kotero kuti wosabatizidwa aliyense ndi wokana dala. Aquinas adalingalirapo za mwana wokulira yekha m'nkhalango, nanena kuti akatsata chabwino chimene nzeru zake zikumuuza, Mulungu adzamuunikira mumtima kapena kumtumizira mlaliki monga adatumira Petro kwa Kornelio. Koma chimenechi chinali chitsanzo cha m'kalasi chabe. M'maganizo otere ndimo Msonkhano wa ku Florence udalengeza mu 1442 kuti akunja, Ayuda ndi opatuka sangalandire moyo wosatha ngati salowa mu Mpingo asanafe.

Patangopita zaka 50, mu 1492, zombo za Christopher Columbus zidakocheza ku America, ndipo zidadziwika kuti kuli mitundu yathunthu imene idakhala ikubadwa ndi kufa kwa zaka pafupifupi 1,500 osaona mlaliki ndi mmodzi yemwe. Mu 1539 Francisco de Vitoria, mphunzitsi wa ku Salamanca m'dziko la Spain, adaphunzitsa kuti anthu amenewo sangaimbidwe mlandu wa kusakhulupirira ngati chikhulupiriro sichidafotokozedwe kwa iwo moyenera, makamaka pamene chafika pamodzi ndi nkhanza za atsamunda.

Francis Xavier Woyera adakumana nalo funsoli ku Yamaguchi, m'dziko la Japan, mu 1551. M'kalata imene adalemba ali ku Cochin mu January 1552, adasimba kuti Akhristu atsopanowo ankalira poganiza kuti makolo ao ali kumoto, namafunsa ngati mapemphero kapena mphatso zachifundo zingawatulutseko. Iye adawayankha kuti palibe chothandiza, ngakhale misozi yao inkamuwawa mtima. Koma atamfunsa chifukwa chimene Mulungu wabwino adabisira makolo ao lamulo lake, adayankha kuti lamulolo lidalembedwa kale m'mitima ya anthu onse. Mbeu ya yankho lenileni inali m'mau amenewa, ngakhale padapita zaka zoposa 300 kuti chipatso chake chioneke m'chiphunzitso cha Apapa.

Mu 1863 Papa Pius IX adalemba kuti anthu amene sadziwa chipembedzo choona popanda kulakwa kwao, koma amasunga lamulo lolembedwa m'mitima mwao ali okonzeka kumvera Mulungu, angathe kupeza moyo wosatha mwa mphamvu ya chaulere chake. Pamene Bambo Leonard Feeney, wansembe wa chipani cha Jesuit ku Boston, adayamba kuphunzitsa kuti palibe wopulumuka kupatula amene adalowa mu Mpingo Wakatolika mooneka ndi maso, ofesi ya Papa yoyang'anira chiphunzitso idalembera Arkiepiskopi Richard Cushing pa 8 August 1949. Kalatayo idafotokoza kuti chikhumbo chingathe kukhala chobisika: munthu amene, mwa chikhulupiriro ndi chikondi, afunitsitsa kuchita chifuniro cha Mulungu, akufuna ubatizo ngakhale sadziwa dzina lake. Bambo Feeney adachotsedwa mu Mpingo mu 1953 atakana kupita ku Roma kumene adaitanidwa, ndipo adayanjanitsidwa mu 1972.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udamanga mfundo zonsezi pamodzi. Chikalata cha Lumen Gentium cha 1964 chimati amene adziwa kuti Mpingo ngwofunika naukana sangapulumuke (ndime 14), chimatinso amene sadziwa Khristu popanda kulakwa kwao, koma amafunafuna Mulungu moona ndi kutsata chikumbumtima chao mothandizidwa ndi chaulere, angathe kupulumuka (ndime 16). Chikalata cha Ad Gentes cha 1965 chidaonjeza kuti ngakhale Mulungu ali ndi njira zodziwa Iye yekha zofikitsira anthu otere ku chikhulupiriro, udindo wolalika ndi kubatiza sudachepe.

Funso la ku Yamaguchi ndi lathunso. Ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902. Ambiri mwa ife tikawerenga mibadwo inai kapena isanu kubwerera m'mbuyo, tipeza agogo amene ankathira nsembe pa kachisi, naitana Chauta pa nthawi ya chilala, osamvapo za ubatizo. Mpingo sutiuza kuti onsewo ali kumwamba, pakuti kuweruza mitima nkwa Mulungu. Chimene utiuza nchakuti aliyense mwa iwo amene adatsata moona kuwala kumene adapatsidwa sadatsekeredwe kunja, ndipo ngati adapulumuka, adapulumuka mwa Khristu yemweyo amene ife timamdziwa dzina.

Manda achinai: khanda

Funso limene lidachedwa koposa kupeza yankho ndi la khanda, ndipo pano tiyenera kubwereranso kwa Augustine. Khanda silingathe kufera chikhulupiriro mwakufuna kwake, silingakhumbe ubatizo, silingatsate chikumbumtima. Kuyambira cha m'ma 411, Augustine adalimbana ndi otsata Pelagius, amene ankakana kuti tchimo la Adamu limafika kwa ana ake pobadwa. Iye adaona kuti ngati makanda alibe chowapulumutsako, ndiye kuti Khristu sali Mpulumutsi wa anthu onse. Nchifukwa chake adaphunzitsa kuti khanda lofa losabatizidwa limatayika, ngakhale chilango chake nchopepuka koposa zonse. Mtima wake sudakhazikike nazo: mu 415 adalembera Jerome Woyera kuti akafika pa nkhani ya chilango cha ana amathedwa nzeru, osapeza choyankha. Komabe Msonkhano wa ku Carthage wa 418 udakana kuti pali malo ena apakati kumene ana otere amakhala mokondwa.

Akatswiri a m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 adafewetsa chiphunzitsochi. Peter Abelard adati chilango chopepukacho nkusapenya Mulungu basi, popanda moto. Mu 1201 Papa Innocent III adasiyanitsa chilango cha tchimo lobadwa nalo, chimene chili kusapenya Mulungu, ndi chilango cha machimo ochita munthu mwini, chimene chili mazunzo a kumoto. Aquinas adaonjeza kuti ana otere samva kuwawa konse, ndipo amakondwera ndi zabwino za chilengedwe chao. Maganizo amenewa ndiwo adatchedwa Limbo. Adaphunzitsidwa m'makatekisimu ambiri, ndipo Papa Pius VI adawateteza mu 1794 kwa amene ankawanyoza, koma Mpingo sudawalengezepo ngati chiphunzitso choti aliyense achikhulupirire.

Kusintha kudayambira pamaliro penipeni. Kale khanda losabatizidwa linkaikidwa popanda mwambo wa Mpingo, koma buku latsopano la mapemphero a maliro la 1969 lidaikamo mapemphero a mwana wotere, ompereka ku chifundo cha Mulungu. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika wa 1992 satchula Limbo, ndipo amalola Akhristu kuyembekeza kuti pali njira ya chipulumutso ya ana amenewa. Mu April 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu lolangiza Papa, International Theological Commission, lidatulutsa chikalata chovomerezedwa ndi Papa Benedict XVI. Chidati pali zifukwa zolimba zoyembekezera kuti makanda otere amapenya Mulungu, chidatsindikanso kuti chimenechi nchiyembekezo, osati chinthu chodziwika motsimikiza, ndipo makolo ayenerabe kubatiza ana ao msanga. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa manda a khanda Mpingo udadekha zaka pafupifupi 1,600.

Zimene mbiriyi itiphunzitsa

Mfundo ziwiri zimene tidayamba nazo zimaoneka pamodzi m'mbiri ya Oyera ofera chikhulupiriro a ku Uganda. Potsata malangizo a Kadinala Charles Lavigerie, a White Fathers ankaphunzitsa akatekumeni zaka zinai asanawabatize. Koma Kabaka Mwanga atapha Joseph Mukasa Balikuddembe pa 15 November 1885, akatekumeni ambiri adapita kwa ansembe usiku kukapempha ubatizo, mmodzi mwa iwo ali Charles Lwanga. Usiku wa pa 25 May 1886, ataona kuti imfa yayandikira, Lwanga adabatiza yekha anyamata amene ankawaphunzitsa, pakati pao Kizito. Mnzao wina, Mukasa Kiriwawanvu, sadalipo usiku umenewo chifukwa anali m'ndende pa mlandu wina, ndipo mbiri imamkumbukira ngati mkatekumeni amene adatenthedwa pamodzi ndi anzake ku Namugongo pa 3 June 1886. Pa 18 October 1964, mwezi umodzi Lumen Gentium isanalengezedwe, Papa Paul VI adawalemba onse 22 m'gulu la Oyera, osasiyanitsa wobatizidwa ndi madzi ndi wobatizidwa ndi magazi.

Lwanga sadanene kuti, popeza magazi akubwera, madzi ngosafunika. Adatunga madzi nabatiza. Mpingonso sudanene kuti, popeza Mukasa adasowa madzi, magazi ake adapita pachabe. Apa ndipo pagona yankho limene lakhala likukhwima kuyambira nthawi ya Tertullian. Lamulo la ubatizo limatimanga ife amene talimva ndipo tili ndi mwai wolitsata, koma silimanga manja a Mulungu amene adalipereka.

Kwa ife amene tikukonzekera kapena tikugwira kale ntchito ya ubusa, mbiriyi itichenjeza za maenje awiri. Loyamba nkupeputsa ubatizo, kumazengereza kufika kwa wodwala kapena kulekerera makolo kuti achedwetse ana ao, podalira kuti Mulungu ali ndi njira zina. Njira zimenezo nzake, ndipo imene adatipatsa ife ndi imodzi yokha. Lachiwiri nkutseka kumwamba ndi pakamwa pathu pamene tili pa siwa, pamaso pa mai amene wataya khanda kapena mkhristu amene akufunsa za agogo ake. Malamulo a Mpingo a 1983 amati mkatekumeni aikidwe m'manda monga mkhristu, ndipo amalola episkopi kuvomereza mwambo wa maliro a mwana amene makolo ake ankafuna kumbatiza. Tikaitanidwa ku maliro otere, tipite ndi mapemphero amene Mpingo watipatsa, ndipo tiwauze ofedwawo zonse zimene Mpingo umayembekeza, osachepetsa ndiponso osaonjeza.